Seva yolimba kapena khadi la RAID? Yankho langa kwa achimwene amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amasamalira makompyuta pa sukulu ina. Ndalama zimene abwana awo avomereza n'zochepa, ndiye akufunsa: agule seva yolimba (kompyuta yosungira zinthu za ofesi yonse), kapena agule makina wamba n'kuikamo khadi la RAID ndi ma disk anayi? RAID ndi njira yogwirizanitsa ma disk angapo kuti imodzi ikafa zinthu zisatayike, ndipo khadi la RAID ndi kachipangizo koyendetsa ntchitoyo. Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, chifukwa inandibwezera m'kachipinda kena kamene kamandiwawitsabe mtima.

Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito pa kabungwe kena ku Lilongwe kobwereketsa ndalama kwa amayi a geni. Seva yathu inkakhala m'sitolo, pakati pa makatoni a mapepala ndi ndowa yokolopera. Inali ndi ma disk anayi pa RAID 5 komanso khadi lodula kwambiri. Wotigulitsa anati disk imodzi ikafa sitidzataya kanthu, ndipo sananame. Lachinayi lina kumapeto kwa mwezi magetsi anathima n'kuyaka, kuthima n'kuyaka, katatu motsatizana. Mabatire a UPS, bokosi lopatsa seva mphamvu magetsi akathima, anali atatha kalekale, inkangolira basi. Seva itayaka inati sikuona disk iliyonse. Ndinaika dzanja pa bokosi, ndipo ndinkawamva onse akunjenjemera, akuzungulira bwinobwino. Chimene chinapsa ndi khadi.

Khadi la RAID limayala zinthu pa ma disk m'kalembedwe kakekake. Simungangowazula n'kukawalumikiza pa kompyuta ina. Pamafunika khadi lina la mtundu womwewo kapena la banja lomwelo. Ndinayenda shopu ndi shopu mpaka miyendo kuwawa, ndinaimba mafoni ku Blantyre, kulibe. Tinaitanitsa ku Johannesburg, ndipo linafika patatha masiku 19. Masiku onsewo mayi wathu wosunga chuma ankalemba ngongole m'makope a ana a sukulu, n'kumafunsa aliyense wolowa pakhomo kuti, "Mayi, mwezi watha munabweza zingati?" Gogo wina anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa malisiti opindapinda, ena inki itafufutika ndi thukuta. Backup yathu yomaliza, kope la zinthu zathu losungidwa padera, inali ya miyezi iwiri m'mbuyo. Nkhope ya gogo uja, akuopa kuti timuuza kuti sanabweze, sindinaiiwale.

Ndiye ndinene mosapsatira. Pa ofesi yaing'ono kwathu kuno, kumene chipangizo chikawonongeka mumadikira ndege, khadi la RAID ndi msampha. Mumachulukitsa ma disk kuti imodzi ikafa ina itsale, kenako onsewo mumawapachika pa kanthu kamodzi kamene kalibe kanzake.

Dzina loti RAID linatchuka mu 1988 ndi David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa yunivesite ya California ku Berkeley. Kalelo mapurosesa anali ofooka, n'chifukwa chake masamu a RAID ankapatsidwa kwa khadi lapadera. Purosesa ya lero ntchito imeneyo siimva n'komwe kulemera kwake. Pa makompyuta oyendera Linux pali pulogalamu ya mdadm, imene imachita RAID popanda khadi: makina akapsa, mumatenga ma disk n'kuwalumikiza pa kompyuta ina iliyonse ya Linux, n'kupitiriza ntchito tsiku lomwelo. Palinso ZFS, njira ina yosungira mafayilo yosafuna khadi, imene Sun Microsystems inatulutsa mu 2005. Iyi imasunga checksum (kanambala kotsimikizira kuti zinthu sizinawonongeke) ya kachigawo kalikonse, moti ma disk awiri akasemphana imadziwa imene ikunena zoona n'kukonza inayo. Kungoti ZFS imafuna kuona ma disk mwachindunji, musaiike pamwamba pa khadi la RAID.

RAID 5 nayonso sindiifuna pa ma disk akuluakulu a masiku ano. Imapirira kufa kwa disk imodzi yokha, ndipo mukaika yatsopano ya 8TB, kuidzaza kungatenge tsiku lathunthu kapena kuposa. Nthawi yonseyo otsala aja akuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto osapuma, pomwe nawonso ndi okalamba chimodzimodzi.

Ma disk obadwa tsiku limodzi

Mu 2019 kampani ya HPE inachenjeza kuti ma disk ake ena a mtundu wa SSD adzasiyiratu kugwira ntchito akakwanitsa maola 32,768, zomwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, chifukwa cha cholakwika mu firmware, pulogalamu ya m'kati mwa disk momwemo. Taganizani: munagula anayi ofanana, munawayatsa ola limodzi, ndiye kuti onse afera limodzinso. RAID ya mtundu uliwonse pamenepo ilibe chochita. Ndipo musadalire kuti disk idzakuchenjezani. Akatswiri a Google mu 2007, ataunika ma disk opitirira 100,000, anapeza kuti 36 pa 100 alionse amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse pa SMART, njira imene disk imadziyezera yokha ngati ili bwino.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti ngakhale chenjezo litakhalapo, nthawi zambiri palibe woliona. Ndalowapo m'maofesi mmene kanyali kachikasu kakhala kakuphethira pa seva kwa miyezi, kachipinda kali chokhoma, makiyi ali ndi alonda. RAID inagwira ntchito yake, disk imodzi inafa mwakachetechete, anthu n'kumayenda pa imodzi yotsalayo osadziwa. Komanso kalaliki akafufuta foda ya malipiro a ana mwangozi, kapena ransomware (pulogalamu ya akuba yokhoma mafayilo kuti mulipire) ikalowa, RAID imakopera tsokalo pa ma disk onse nthawi yomweyo, mokhulupirika.

Ndalama zanuzo, achimwene, yambani ndi UPS ya mabatire atsopano, yokhala ndi chingwe chouza seva kuti izizimitse yokha mphamvu ikamatha. Kenako seva yeniyeni ya memory ya ECC (yodzikonzera yokha zolakwika zing'onozing'ono), ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola zipangizo zake zizipezeka. Ikani ma disk awiri a makampani osiyana pa RAID 1 (iliyonse kukhala kope la inzake) kudzera mu mdadm kapena ZFS, yachitatu ikhale m'dirowa, ndipo chenjezo lizibwera pa imelo yanu. Ngati pulogalamu ya sukulu ikukukakamizani kugwiritsa ntchito khadi limene labwera ndi seva, gulanitu lachiwiri lofanana nalo, ndipo batire lake muziliyang'ana. Backup ikhale pa ma disk awiri akunja osinthanasinthana, imodzi izigona kunyumba kwa ahedi. Mwezi uno usanathe, tengani imodzi mwa iwo, muilumikize pa kompyuta ina, mutsegule fayilo ya malipiro a teremu yatha muone ngati ikutsegukadi.