Akapolo a ku America: anawomboledwa kapena anamasulidwa?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ndikulemba m'Chichewa za Freedmen's Bureau, ofesi imene boma la America linatsegula kuti izithandiza anthu amene anali atangotuluka mu ukapolo. Kodi anthuwa ndiwatchule ndi mawu akuti mfulu, owomboledwa kapena omasulidwa? Nanga ofesiyo ndingaitche bungwe?

Yankho: Aphunzitsi, pa mawu atatuwa ine ndikusankha omasulidwa. Mfulu ndi munthu aliyense amene si kapolo, kaya anabadwa choncho kaya anatuluka mu ukapolo, ndipo popeza nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 isanayambe kunali kale anthu akuda pafupifupi theka la miliyoni amene sanali akapolo, mawuwa sangawasiyanitse ndi anthu pafupifupi 4 miliyoni amene anapeza ufulu chifukwa cha nkhondoyo.

Kuwombola nako kuli ndi vuto lake. Mchewa akamva kuti munthu wawomboledwa amayembekeza kuti panaperekedwa dipo, monga momwe timawombolera katundu amene tinapereka chikole. Zoterezi zinachitikadi mu 1862 mu mzinda wa Washington, kumene boma linalipira eni akapolo ndalama zosapitirira madola 300 pa munthu mmodzi, ndipo pofotokoza za kumeneko mukhoza kunena kuti anawomboledwa. Koma m'madera akumwera amene anagalukira boma simunaperekedwe dipo lililonse, ukapolo unathetsedwa ndi nkhondo komanso ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu Disembala 1865. Choncho lembani kuti akapolo omasulidwa, kapena, ngati mukuona kuti n'kulakwa kumutchabe kapolo munthu amene wamasuka, lembani kuti anthu omasulidwa ku ukapolo.

Mawu akuti bungwe si olakwika, kungoti masiku ano ambiri akawamva amaganiza za mabungwe omwe si aboma. Ofesiyi inakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo pa 3 Malichi 1865, nkhondo ili pafupi kutha, inali pansi pa unduna woona za nkhondo, ndipo mkulu wake anali msilikali, Oliver Otis Howard, mpaka pamene inatsekedwa mu 1872. Itcheni nthambi ya boma yoona za anthu omasulidwa ku ukapolo. Polemba za thandizo lake musangotchula chakudya ndi zipatala, chifukwa nthambiyi inkathandizanso kutsegula sukulu, kulembetsa maukwati amene malamulo sankawavomereza pa nthawi ya ukapolo, ndi kuyang'anira mapangano a ntchito pakati pa omasulidwawo ndi eni minda.

Pali mawu ena amene simunafunse koma mudzakumana nawo. Dzina lonse la nthambiyi limatchulanso othawa nkhondo ndi malo osiyidwa, ndipo apa musalembe kuti tsala kapena bwinja. Tsala ndi munda umene waugoneka, bwinja ndi pamene panali mudzi anthu n'kusamuka, pomwe minda imeneyi eni ake anaisiya chifukwa cha nkhondo ali ndi mtima wodzabwerera. Anabwereradi, ndipo Pulezidenti Andrew Johnson analamula mu 1865 kuti yambiri ibwezedwe kwa iwo, ngakhale kuti ina inali itayamba kale kulimidwa ndi mabanja a omasulidwa.