Funsani Dokotala: Ndikaulula za maganizo anga, kodi anditumiza ku Zomba?

Funso: Adokotala, chimwalirireni amuna anga chaka chatha sindipeza tulo. Mutu umandipweteka, mtima umathamanga, nsima sindiifuna. Ndapita katatu kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Amandibaya pachala, akuti malungo mulibe, n'kundipatsa panado. Sindinawauze kuti ndimangokhalira kulira chifukwa ndikuopa kuti anditenga ngati wamisala. Nditani? Ndine mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Kulira amuna anu si matenda ayi. Koma pakapita miyezi yambiri chonchi tulo osabwera, chakudya osalowa, ndimaganizira matenda a kukhumudwa, omwe ambiri timangoti kuganiza kwambiri. Matendawa amakonda kubisala m'thupi. Munthu amamva mutu, msana kapena mtima, akayezedwa osapezeka kanthu.

Kuchipatala chaching'ono mzere umafika mpaka pakhonde, ndipo wachipatala amathandiza zimene wauzidwa. Mukati mutu, iye alemba panado. Zimandiwawa kuti ife achipatala nthawi zambiri sitifunsa kuti kunyumba kuli bwanji. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti ulendo uno muyambe ndinu. Mukangokhala pampando nenani kuti: "Amuna anga anamwalira, sindigona, ndimangolira." Ngati mawu angakukanikeni, tengani mchemwali wanu akakuyankhulireni. Pemphani kuti alembe zimenezi m'kabuku kanu ka kuchipatala, ayezenso BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, kenako akutumizeni kuchipatala chachikulu cha boma lanu kukaonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo.

Za ku Zomba musade nkhawa. Zomba Mental Hospital imagoneka anthu amene adwalika kwambiri moti sangasamalike pakhomo. Ambiri a vuto ngati lanu amathandizidwa akuchokera kunyumba. Thandizo lotere limapezekanso ku Queens ku Blantyre komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mwina adzayamba ndi uphungu, kukhala nanu pansi n'kumva zonse. Mwina adzawonjezera mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, chifukwa mankhwalawa sagwira ngati panado. Pamatenga masabata 2 mpaka 4, nthawi zina kuposerapo, kuti mumve kusintha, ndipo mukapeza bwino mumapitirizabe kumwa kwa miyezi 6 kapena kupitirira. Amitriptyline amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsanso kukamwa. Asungeni patali ndi ana, ndi oopsa munthu akamwa ambiri. Akakuvutani musangosiya, kauzeni amene anakupatsani.

Koma mayi, ngati maganizo oti bola kufa n'kuwatsatira amuna anu amakubwererani, musadikire tsiku la kiliniki. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala, ndipo mukanene zimenezi mosabisa.