Kodi Deep Purple yeniyeni ndi iti? Yankho kwa m'bale wa ku Chilomoni

Kalata ya sabata ino yachokera ku Chilomoni. Mnyamata wina wandilembera pa imelo kuti Lamulungu lapitali anatsutsana ndi malume ake mpaka nsima kuzizira. Iye anapeza pa YouTube bandi ya Deep Purple ikuyimba chaposachedwapa, gitala ili m'manja mwa Simon McBride, ndiye anawaonetsa malumewo pa foni. Mkuluyo, yemwe akusungabe kaseti ya Machine Head ngakhale wailesi yoyimbira inafa kalekale, anangopukusa mutu: "Awa ndi anthu ena. Deep Purple inatha tsiku limene Blackmore anachoka." Ndiye akufunsa kuti, kodi malume akunena zoona?

Achimwene, malume anu ali ndi khutu labwino, koma masamu awo ali ndi vuto. Muwafunse mwaulemu kuti akunena kuchoka kuti, chifukwa Ritchie Blackmore anachoka kawiri.

Bandiyi inayamba mu 1968 ku England ndi anthu asanu: Blackmore pa gitala, Jon Lord pa limba la Hammond, Ian Paice pa ng'oma, Nick Simper pa besi ndi Rod Evans woyimba. Nyimbo yawo ya Hush inagunda kwambiri ku America chaka chomwecho. Koma pofika 1969 Blackmore, Lord ndi Paice anaona kuti mawu a Evans ndi ofewa pa nyimbo zaukali zimene ankafuna, ndiye iye ndi Simper anawachotsa, n'kutenga Ian Gillan ndi Roger Glover ku bandi ya Episode Six. Apa ndiye pali chinthu chimene malume sanakuuzeni. Gulu limene iwo amalitcha lenileni, lomwe okonda bandiyi amati Mark II, nalonso linali lolowa m'malo mwa ena.

Koma linali gulu, abale inu. In Rock mu 1970, Fireball mu 1971, Machine Head mu 1972. Chimene chimandikoka ine mu zimbalezi si kukuwa kwa Gillan ayi, ngakhale amakuwa mpaka tsitsi kuyima. Ndi mkangano wa gitala ndi limba. Lord ankalumikiza limba lake ku ampu ya Marshall, yomwe ndi ya gitala, kotero linkalira mokalipa, ndipo iye ndi Blackmore ankayankhana ngati atambala awiri m'khola limodzi. Nyimbo ya Smoke on the Water, ija mnyamata aliyense wophunzira gitala amayamba nayo (ngakhale wa kwaya akaona kuti abusa atuluka), ikufotokoza zimene zinachitikadi. Pa 4 Disembala 1971 anali ku Montreux ku Switzerland kuti akajambule chimbale mu holo ya kasino. Frank Zappa akuyimba momwemo, munthu wina anawombera mfuti yotulutsa moto kudenga, nyumba yonse n'kupsa, utsi n'kuphimba nyanja ya Geneva. A Deep Purple anakamalizira ntchito yawo m'makonde a hotelo ina ya Grand, ndi studiyo ya pa galimoto yobwereka kwa a Rolling Stones.

Vuto linali loti Gillan ndi Blackmore sankamwerana madzi. Mu 1973 Gillan anachoka, Glover naye anatsatira. Analowa David Coverdale, amene panthawiyo sankadziwika n'komwe, ndi Glenn Hughes wa ku Trapeze, woyimba besi komanso mawu. Burn ya 1974 ndi chimbale chamoto, ndipo ndikhoza kubetcha kuti malume anu amaikonda, chonsecho Gillan mulibe. Chimbale cha Stormbringer chitabwera ndi kakomedwe ka nyimbo zovinitsa za funk, Blackmore zinamunyansa, anachoka mu 1975 kukayambitsa Rainbow ndi Ronnie James Dio. Uku ndiye kuchoka koyamba. Tommy Bolin wa ku America anatenga gitala pa chimbale cha Come Taste the Band, bandi inasweka mu 1976, ndipo Bolin anamwalira mu Disembala chaka chomwecho ndi mankhwala ozunguza bongo ali ndi zaka 25.

Pali nkhani ina imene ndimaikonda chifukwa imayankha funso lanu kuchokera kumbuyo. Mu 1980 Rod Evans, woyimba woyamba uja, anasonkhanitsa anyamata ena n'kumayenda akudzitcha Deep Purple. Anamutengera kukhoti, anagonja, ndipo kuyambira pamenepo anazimiririka. Munthu amene analipo tsiku loyamba, koma dzinalo silinali lake kuti alinyamule yekha.

Mark II inabwererana mu 1984 ndi Perfect Strangers. Mikangano nayo inabwereranso. Gillan anamuchotsa mu 1989, Joe Lynn Turner anayimba chimbale chimodzi, Gillan anabwereranso, ndipo mu Novembala 1993 Blackmore anachoka ulendo uli pakati, osabwereranso. Joe Satriani anagwirizira kaye, kenako mu 1994 analowa Steve Morse.

Tsopano tengani cholembera. Blackmore, mukaphatikiza maulendo ake awiri, anakhalamo zaka pafupifupi 16. Morse anakhalamo zaka 28, mpaka 2022 pamene anasiya kuti azisamalira mkazi wake yemwe ankadwala khansa, mpamene McBride wa ku Northern Ireland analowa. Kodi munthu wa zaka 28 pa ntchito tingamutche waganyu? Jon Lord anapuma mu 2002, Don Airey n'kutenga limba, ndipo Lord anamwalira mu 2012. Gillan ndi Glover alipobe. Paice ndiye yekhayo amene wakhala m'gulu lililonse kuyambira 1968. Blackmore mwiniwake kuyambira 1997 wakhala akuyimba nyimbo zofatsa zachikalekale ndi mkazi wake Candice Night.

Ife a ku Blantyre nkhani yotere si yachilendo. Evison Matafale atamwalira mu 2001 panali anthu onena kuti Black Missionaries yatha. Musamude Fumulani anaitsogolera, naye anatisiya mu 2007, Anjiru n'kunyamula. Lero ndani angapite ku Chileka kukawauza kuti si Ma Blacks? Koma ndani angakanenso kuti mawu a Matafale anali akeake? Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo malume anu agwira chachiwirichi n'kutaya choyamba.

Pamene ndikugwirizana nawo ndi apa. Morse ndi katswiri, mwina woposa Blackmore pa ukhondo wa zala, ndipo Purpendicular ya 1996 ndimaimvera mpaka lero. Koma ngozi ija inachoka. Blackmore sumadziwa ngati lero ayimba bwino, aphwanya gitala kapena angotuluka pa siteji, ndipo mantha amenewo amamveka m'nyimbo. McBride, pa chimbale cha =1 cha 2024, wabweza ukali pang'ono, ngakhale Gillan mawu akuthwa aja sangawafikenso, zaka zapita.

Lamulungu likubwerali musawatengere malume mavidiyo atsopano. Apezereni Made in Japan, yojambulidwa ku Osaka ndi Tokyo mu Ogasiti 1972, muwalumikizire ku sipika, mumvere limodzi Highway Star. Akayamba kugwedeza mutu, muwaikire Burn osawauza kanthu, kenako muwafunse kuti akuyimbayo ndi ndani. Mundilembere zimene adzayankhe.