Andichotsa ntchito kusukulu ya mpingo chifukwa cha chibwenzi changa

FUNSO: Akonzi, ndaphika kwa zaka 4 pasukulu ya mkaka ya mpingo wina ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg. Abusa atamva kuti ndili pa chibwenzi ndi mkazi mnzanga, andiuza kuti ndisabwerenso, ndipo akufuna ndisayine kalata yoti ndasiya ndekha. Pemiti yanga inatha. Ndingadandaule kuti? Wowerenga, Rosettenville

YANKHO: Achemwali, kalatayo musasayine. Mukasayina, mudzayamba mwavutika kutsimikizira kuti anachita kukuchotsani, ndipo milandu yambiri imafera pomwepo.

Gawo 187 la Labour Relations Act ya 1995, lamulo la za ntchito la ku South Africa, limaika kuchotsa munthu chifukwa chokonda mkazi kapena mwamuna mnzake m'gulu la zifukwa zoletsedweratu. Chipukuta misozi chake chingafike pa malipiro a miyezi 24, pomwe kuchotsedwa wamba kosalungama kumathera pa miyezi 12.

Mpingo udzadziteteza ndi ufulu wa chipembedzo, ndiponso ndi mfundo yoti ntchitoyo payokha imafuna munthu wotsata chiphunzitso chawo. Apa khoti limafunsa chinthu chimodzi: kodi inu mumagwira ntchito yanji? Mu 2008 Equality Court (khoti lomva milandu ya tsankho) ya ku Pretoria inaweruza mlandu wa Strydom, mphunzitsi wa nyimbo amene mpingo wa Dutch Reformed (NG) ku Moreleta Park unamuchotsa pa chifukwa chonga chanu. Khoti linapeza kuti sanali mtsogoleri wauzimu ndipo sankaphunzitsa chiphunzitso, choncho linalamula mpingo kuti upepese ndi kulipira R75,000 pomunyozetsa, komanso malipiro amene anataya. Kwa abusa zimavutirapo: mu 2015 Constitutional Court sinagamule za tsankho pa mlandu wa Ecclesia de Lange, m'busa wa mpingo wa Methodist, inamubwezera ku njira yomvera madandaulo ya mpingowo. Koma inu muli kukhitchini. Ife sitikuona chiphunzitso chimene chimalowa m'poto wa phala la ana.

Chofulumira nacho ndi nthawi. Muli ndi masiku 30 kuchokera tsiku limene anakuchotsani, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Lembani fomu ya LRA 7.11, perekani kope kwa abwana, sungani umboni woti alandira, nkukaisiya ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito. Salipiritsa. Pofotokoza dandaulo tchulani tsankholo mosabisa, chifukwa ambiri amachita manyazi nkulemba "anandichotsa popanda chifukwa", mlandu nkuchepa mphamvu. Mukachedwa muyenera kupempha kuti akukhululukireni kuchedwako, ndipo akhoza kukana.

Kukambirana kukalephera ku CCMA, mudzapatsidwa satifiketi, ndiye muli ndi masiku 90 okasuma ku Labour Court ku Braamfontein. Kumeneko mpofunika loya. Yambani kufunsa ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic panopa. Mauthenga a pa WhatsApp, mapepala a malipiro ndi mayina a amene anamva abusa akulankhula, zisungeni kwina, osati m'foni mokha. Mabwana ochenjera amasintha nyimbo nkunena kuti mumachedwa pantchito.

Za pemiti: mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, Labour Court inagamula kuti mlendo wopanda pemiti ndi wantchito ndithu pansi pa lamuloli. Komabe kubwezeretsedwa pantchito nkovuta pemiti isanakonzedwe, choncho limbikirani za chipukuta misozi, ndipo muuzeni loya wanu za pemitiyo musanakumane ndi abusa ku CCMA.