Bwanji bwato silikhala malo awiri nthawi imodzi?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati elekitironi, kanthu kakang'ono kwambiri kopezeka mu atomu, imadutsa mipata iwiri nthawi imodzi, nanga mwala kapena bwato limalepheranji, ndipo alipo amene anayesapo? Si funso lachibwana ayi. Anthu akuyesadi, ndipo chaka ndi chaka akuwonjezera kukula kwa zinthu zoyesera.

Tiyambe ndi chimene amafufuza. Pitani kugombe ku Monkey Bay m'mamawa nyanja ili bata, muponye miyala iwiri moyandikana. Timafunde tikakumana, pena timakwererana, pena timafafanizana mpaka madzi kukhala phee, ndipo pamadzi pamaoneka mizere. Kanthu kakadutsa mipata iwiri n'kusiya mizere yotereyi, ndiye kuti kayenda ngati funde, njira zonse ziwiri.

Mu 1999 ku Vienna, m'dziko la Austria, akatswiri a sayansi Markus Arndt ndi Anton Zeilinger anaona mizere imeneyi pogwiritsa ntchito timipira ta maatomu 60 a kaboni. Pofika 2019 gulu la Arndt linali litafika pa mamolekyu (timagulu ta maatomu olumikizana) a maatomu pafupifupi 2,000. Enanso anatenga njira ina. Mu 2010 ku Santa Barbara, ku America, Aaron O'Connell anaziziritsa kachitsulo kakang'ono kwambiri, koma kooneka ndi maso mutapenyetsetsa, mpaka kakhala konjenjemera komanso kosanjenjemera pa nthawi imodzi. Imene imandizunguza mutu ine ndi ya 2023 ku Zurich, m'dziko la Switzerland: gulu la Yiwen Chu linagwedeza kamwala ka sapphire kolemera mamaikulogalamu 16, ngati kamchenga kamodzi kosalala, mbali ziwiri zotsutsana nthawi yomweyo. Musaganize kuti kanalumpha tebulo, kusuntha kwake kunali kochepa kuposa atomu imodzi.

Tsono bwato lija. Bwererani kugombe masana mwera utayamba, muponyenso miyala. Simuona kanthu, mafunde a mphepo ameza zonse. Ndi mmene zimakhalira ndi chinthu chachikulu. Mpweya ukuchigunda, kuwala kukuchimenya, chokhanso chikutulutsa kutentha, ndipo kugunda kulikonse kumaulula pamene chili. Malo ake akaululika basi, mizere ija yatha. Azungu amati decoherence. N'chifukwa chake amayamba apopa mpweya wonse m'makina awo, ndipo oyesa ndi timiyala amaziziritsa mpaka pafupi ndi -273 digiri. Ndi kutentha kwathu kwa Mangochi kuno mu Okutobala, ngakhale madzi a m'firiji sachedwa kufunda, ndiye bwato lili padzuwa tingoiwalako.

Pamene akatswiri akukanganabe ndi apa. Ena akuti palibe malire, vuto ndi phokoso la zozungulira lokha. Koma katswiri wina wa ku England, Roger Penrose, akuti mphamvu yokokera zinthu pansi ndi imene imakakamiza chinthu cholemera kusankha malo amodzi. Ine ndimapendekera kwa oyambawo, poti mpaka lero aliyense amene wakwanitsa kutontholetsa phokoso lija wapeza kuti chinthu chake chikutsatirabe malamulo a quantum, omwe ndi malamulo a tinthu ting'onoting'ono ngati elekitironi.