Adokotala akuti achotse chikhodzodzo cha bambo, tiwafunse chani?

Mayi wina wa ku Makanjira wandilembera imelo. Akuti bambo awo akhala akukodza magazi chaka chathunthu, kunyumba ankangoti ndi likodzo basi, pano awapeza ndi khansa ya chikhodzodzo ndipo adokotala akuti achotse chikhodzodzo chonse. Bambowo anangoti "chabwino adokotala", atatuluka panja nkumafunsa mwana wawo kuti paja amati chani.

Achemwali, pepani kwambiri. Ife a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi magazi mumkodzo tinawazolowera mpaka sitidabwa nawo, koma mazira a likodzo akakhalitsa mchikhodzodzo zaka zambiri amasiya mabala omwe amatha kusanduka khansa, ndipo mankhwala a likodzo aja a praziquantel amapha nyongolotsi zokha, khansa sachiza. Fodya nayenso amaibweretsa.

Mukabwerera, funsani kaye kuti khansayo yalowa mumnofu wa chikhodzodzo kapena ili pamwamba pokha. Ikakhala pamwamba amatha kuipala ndi chipangizo cholowetsa kunjira ya mkodzo osang'amba pamimba, ikalowa mkati ndiye nthawi zambiri amachotsa chonse. Kenako funsani ili, lomwe ife sitinafunse: mkodzo uzituluka pati?

Amalume anga anachitidwa opareshoni imeneyi. Anadula kachidutswa ka matumbo nkukalumikiza ku kabowo ka pamimba, mkodzo umagwera mkathumba komata pakhungu. Atatsitsimuka anagwira pamimba nkupeza kathumbako, anatembenukira kukhoma masiku awiri osayankhula ndi munthu, phala kungozizira pa lokala. Sikuti adokotala sananene ayi, ananena, koma mwachangu nthawi ya raundi chizungu chambiri, ine gadiyani ndikungogwedeza mutu kuopa kuoneka wovuta. Mpaka lero zimandipweteka.

Ndiye inu musachite manyazi. Ngati bambo amamva bwino Chiyao pemphani nesi kapena wina aliyense womasulira, ndipo bambowo abwereze okha zomwe amva adokotala ali pompo. Mafunso lembani papepala muike mu buku lakuchipatala lija. Mufunsenso kuti timatumbato muzikatitenga kuti tikatha, poti kuchoka ku Makanjira kupita kuchipatala cha Queens ku Blantyre si ulendo wamasewera, makamaka dzinja msewu ukavuta.

Ngati bambo ndi Msilamu nkhani ya kutawaza (kudziyeretsa ndi madzi asanapemphere) ndi swala (mapemphero) iwavutitsa mumtima ngakhale sanena, akambirane ndi ashehe opareshoni isanachitike. Amalume anabwerera ku mzikiti patapita miyezi, ndipo kathumba amasintha okha pano.