Funsani Aphunzitsi: Ndinathawa masamu, andipeza mu Bayoloje

Aphunzitsi,

Ndine mtsikana wa zaka 20, kwathu ndi ku Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo ndili chaka choyamba ku koleji. Ndinasankha Bayoloje chifukwa ine ndi masamu sitimwerana madzi kuyambira ku Fomu 2. Koma alekichala athu manotsi sapereka kwenikweni. Sabata iliyonse amatipatsa tebulo la manambala kuti tijambule galafu pa Excel, kenako akuti tipange model yolosera zam'tsogolo. Lapitopu ndilibe, ndimachita kubwereka usiku mwini wake akagona. Kodi imeneyi ndi sayansi, kapena akungotizunza?

Wothedwa nzeru, Mchinji

Mwana wanga,

Kalata yako yandiseketsa, koma osati mokunyoza ayi. Ndinagwira choko zaka zambiri kuno ku Kasungu, ndipo ana onse othawa masamu ankathawira m'kalasi mwanga, n'kuwapezanso momwemo atakhala phee pa bolodi. Ndikuuze mosapsatira mawu: alekichala akowo sakukuzunza.

Tiyambire kumunda kwa amayi ako. Mlangizi akamanena za kabzalidwe ka Sasakawa amati mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Ndiye kuti phesi lililonse latenga malo a 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, omwe ndi masikweya mita 0.1875. Hekitala ili ndi masikweya mita 10,000. Ukagawa, upeza mapesi 53,333. Kabzalidwe kakale kaja, 90 kwa 90, zitatuzitatu pa phando, kamapereka 37,037. Tsono tenga mbewu 100, uzifunditse chiguduli chonyowa, udikire sabata imodzi. Tinene kuti zamera 85. Ukuyembekezera mapesi pafupifupi 45,333 pa hekitala. Wapanga model basi, mwana wanga. Dzinalo ndi loopsa, koma chinthu chake n'chomwechi: chiganizo chako cha momwe zinthu zimayendera, chitalembedwa m'manambala kuti munda ukuvomereze kapena ukutsutse.

Ndipo pokoma ndi pamene munda wakutsutsa. Chimanga chikafika m'mawondo, lowamo uwerenge mapesi m'mizere khumi. Ukapeza ochepa kuposa omwe unalosera, funso labadwa: ndani wadya? Mbewa zinafukula? Chiswe? Kapena ng'amba ija ya pambuyo pa mvula yoyamba inawotcha mbewu m'nthaka? Apa ndiye wafika pa Bayoloje yeniyeni imene unkaifuna. Ukanapanda kuwerenga, ukanangoyima pa chulu n'kunena kuti chimanga chamera bwino.

Pa MSCE unaloweza 3:1 wa nkhani ya chibadwa, sichoncho? Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene anasindikiza zofufuza zake mu 1866, sanalote nambala imeneyo. Anakhala pansi n'kuwerenga nsawawa imodziimodzi: 5,474 zosalala, 1,850 zamakwinya. Gawa wekha pa foni, upeza 2.96, osati 3 ndendende. Ana anga ankadabwa nazo, ena mpaka kunena kuti mkuluyo anaphonya. Sanaphonye. Zamoyo zimatero, sizigwera pa mzere ngati asilikali, ndipo kudziwa kusiyana kumene n'kwa mwayi chabe ndi kumene kuli ndi chifukwa ndi theka la ntchito ya wasayansi. Zimenezi manotsi saphunzitsa, zimalowa m'mutu kudzera m'zala.

Pa nkhani yolosera zam'tsogolo, yeserera ndi kalembera wathu. Mu 2008 tinalipo pafupifupi 13.1 miliyoni, mu 2018 pafupifupi 17.6 miliyoni, kukwera ndi 2.9 peresenti pa chaka. Lemba 13.1, uchulukitse ndi 1.029, yankho lake ulichulukitsenso, mpaka kakhumi. Ufika pa 17.4, pafupi kwambiri ndi zimene owerenga anthu anapeza. Ukapitiriza uona kuti pakutha zaka 24 chiwerengero chawirikiza. Koma chenjera: masamuwo akuganiza kuti amayi azibereka monga momwe ankaberekera m'zaka zimenezo, pamene atsikana ngati iwe muli ku koleji. Model iliyonse ili ndi "ngati" wake wobisika, ndipo pa mayeso amene wautchula ndiye amatenga malikisi.

Pali pamodzi pamene ndikukhalira kumbuyo. Ngati alekichala amangokupatsani manambala a nsomba za m'nyanja zimene simunazione, n'kumati dinani apa, dinani apo, galafu n'kutuluka, ndiye kuti mukuphunzira kudina. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Wophunzira aziyamba watuluka panja n'kukatenga manambala ake, matope ali kumapazi. Pitani kwa iwo muli atatu kapena anayi, mwaulemu, mukawapemphe kuti asayimenti imodzi ikhale ya zimene mwayeza nokha. Mvula ndi yosavuta: chitini chosapindika m'mbali ndi lula, m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita, choncho mvula ya mamilimita 10 yathira malita 100,000 pa hekitala. Aphunzitsi ambiri pempho lotere amalilandira ndi manja awiri.

Za lapitopu usadandaule nazo mopitirira. Excel ndi Google Sheets zimalowa pa foni, ngakhale kuti timabokosi take n'tovutitsa chala. Komanso galafu iliyonse yamba waijambula pa pepala la galafu ndi pensulo, ulembe kuti mbali iyi ndi masiku, iyi ndi masentimita, kenako unene m'Chichewa chiganizo chimodzi cha zimene mzerewo ukukuuza. Ukakanika chiganizocho, usabwereke lapitopu ya mwini usiku umenewo. Ndipo pa holide ukapita ku Kamwendo, ukandiwerengere mapesi m'munda mwa amayi, undilembere kuti wapeza angati.